Ugadiyani wosaweruka

Mumzinda wa Lilongwe, ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, ntchito yaikulu yosamalira odwala matenda aakulu a maganizo ikugwiridwa m'nyumba za lendi, ndi abale amene sanaiphunzire, salandirapo kanthu, ndipo palibe amawafunsa kuti agona bwanji.

Aliyense amene anagonekapo m'bale wake ku chipatala cha Central kapena cha Bwaila amaudziwa ugadiyani. Umagona pansi pafupi ndi bedi, umaphika phala kukhitchini ya magadiyani, umachapa zitenje, umathamangira namwino diripi ikatha. Ndi ntchito yowawa, koma ili ndi polekezera: wodwala akatulutsidwa mumamanga katundu, gadiyani n'kupumako. Kwa banja limene m'bale wake akudwala matenda aakulu a maganizo, zinthu siziyenda choncho. Tsiku lotuluka m'chipatala ndilo tsiku limene ugadiyani umayamba, ndipo ungatenge zaka 10, zaka 20, mwinanso moyo wonse.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 matenda a schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva mawu omwe ena sakuwamva ndi kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, amagwira munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318. Kungochita masamu ndi ziwerengero ziwirizi, tikukamba za anthu opitirira 3,000 mumzinda umodzi. Apo sitinawerengere odwala bipolar, amene nthawi ina amatha masiku osagona, akulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, nthawi ina n'kugwa m'chisoni chozama. Sitinawerengerenso amayi amene mutu umasokonekera atangochira kumene, mmodzi kapena awiri mwa amayi 1,000 alionse obereka. Mabedi a odwala otere m'dziko lonse la Malawi ndi mazana ochepa chabe. Ena onse ali kunyumba.

Zimayamba ndi kusagona

M'mabanja ambiri nkhani imayamba mofanana. Mnyamata wongolemba kumene mayeso a Fomu 4, kapena amene anali atayamba kabaza, amasiya kugona. Usiku wonse akuyendayenda m'chipinda, akunong'ona yekha. Nsima ya pakhomo akuikana, akuti mwathiridwa mankhwala. Akuti wailesi ikunena za iye, akuti anthu a nyumba yoyandikana akumumvetsera pakhoma. Kusamba wasiya, kumpira sapitanso, anzake ayamba kumuzemba. Poyamba mayi amati ndi unyamata chabe, bambo amati ndi mwano. Tsiku limene waswa zenera kapena wavula pamsewu m'pamene banja limavomera kuti pali vuto.

Zikatero aliyense amabwera ndi yankho lake. Azakhali akuti anamulodza chifukwa anali wanzeru m'kalasi. Atsibweni akuti ndi chamba. Akumpingo akuti ndi ziwanda. Pamsika anthu amanong'onezana kuti bambo ake anakhwimira geni, mwanayo ndiye anaperekedwa. Mawu omalizawa agawanitsa mabanja ambiri, abale n'kusiya kuyenderana pa nthawi imene amafunika kugwirana manja.

Achipatala amati matendawa alibe gwero limodzi. Kumtundu kumathandizira, zowawa zimene munthu wadutsamo zimathandizira, chamba nachonso chimakweza chiopsezo, makamaka chikayambidwa munthu ali wamng'ono. Koma alipo odwala ambiri amene sanachisutepo n'kamodzi komwe. Palinso kusokonekera mutu kobwera ndi matenda a m'thupi monga malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, HIV ikafika mu ubongo, kapena chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi. Kusokonekera kotereku kungaphe m'masiku ochepa, n'chifukwa chake munthu amene wasintha mwadzidzidzi, makamaka thupi likutentha, ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo.

Komabe ulendo woyamba kawirikawiri sukhala wa kuchipatala. Umakhala wa kwa mneneri, ku mapemphero a usiku wonse ndi kusala kudya, kenaka wa kumudzi kwa sing'anga, kumene kumapita nkhuku, mbuzi ndi ndalama za mpamba. Si kuti mabanjawa ndi opanda nzeru. Mneneri ali pafupi, amakhala nawe pansi n'kukumvetsera, ndipo amayankha funso limene likudya mayi mumtima: chifukwa chiyani mwana wanga? Kuchipatala mzere ndi wautali ndipo nthawi yocheza ndi yochepa. Tsoka lake n'lakuti miyezi imapita, ndipo akafukufuku m'mayiko ambiri anapeza kuti munthu akakhalitsa ndi matendawa osalandira chithandizo, kuchira kwake kumavutirapo.

Njira ya kuchipatala

Kwa Amalawi ambiri, matenda a maganizo ndi Zomba n'chinthu chimodzi. Mbiri yake ndi yakale. Mu 1910 atsamunda anatsegula malo osungirako odwala misala ngati gawo la ndende ya Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental chimene tikuchidziwa lero chinatsegulidwa mu 1953. Mpaka pano ndicho chipatala chachikulu cha boma cha matendawa. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde. Mayi wogulitsa tomato ku Chinsapo, mwana wake akagonekedwa kumeneko, angathe miyezi osamuona.

Mu Lilongwe muno, odwala ambiri amaonedwa ndi kulandira mankhwala ku kiliniki ya pa Bwaila, chipatala chimene akale amachitchabe Bottom. Ofunika kugonekedwa amatumizidwa ku St John of God ku Area 43, chipatala cha mpingo wa Katolika chimene chinayambira ntchito zake ku Mzuzu, kapena ku Zomba komweko. Anamwino ndi madokotala a m'malo amenewa amagwira ntchito yaikulu ndi manja ochepa.

Koma banja lisanafike pageti pa chipatala, lili ndi phiri loti likwere. Munthu amene akukhulupirira kuti mukufuna kumupha sangavomere kukwera njinga ya kabaza. Kondakitala wa minibasi akangomuona akukuwa, chitseko amatseka. Ambulansi yobwera kudzatenga wodwala wotere pakhomo anthu a m'malokeshoni saidziwa. Zotsatira zake, banja limapempha anyamata amphamvu a pamdadada, wodwala n'kumangidwa manja ndi chitenje kapena chingwe choyanikira zovala, galimoto n'kuchita hayala ndi ndalama ya katapila. Ena amathamangira kupolisi. Wodwala akadzakhala bwino amakumbukira zonsezi, amene anamukhalira pamsana ndi amene ankaseka, ndipo chikhulupiriro pakati pa iye ndi abale ake chimatenga nthawi kuti chibwerere.

Kabuku ndi tsiku la jakisoni

M'nyumba ya wodwala wotere muli chinthu chimodzi chimene chimasungidwa ngati ndalama: kabuku ka kuchipatala. Kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga, masamba ake ofewa ndi thukuta, kena kosokereredwa ndi kanzake chifukwa koyamba kanadzaza. Tsamba lililonse lili ndi deti, dzina la mankhwala, ndi deti lina lodzabweranso. Amene amadziwa kuwerenga kabukuka amaona mbiri yonse ya banja: miyezi yotsatizana bwinobwino, kenaka mpata wa miyezi itatu wopanda cholembedwa, kenaka chidindo chogonekedwa.

Mankhwala amene amapezeka kwambiri m'zipatala za boma ndi akale, monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine. Odwala bipolar ambiri amapatsidwa sodium valproate kapena carbamazepine. Mankhwalawa amagwira ntchito. Anthu amene ankagona kudepoti abwerera kwawo chifukwa cha iwo, ena ayambiranso ukalipentala, ena amaliza sukulu. Koma ali ndi zovuta zake. Khosi limauma, manja amanjenjemera, dovu limatuluka, munthu amayenda ngati wamangidwa, tulo sititha, ndipo njala imakula. M'nyumba imene ufa umagulidwa wa tsiku limodzi, njala imeneyi ndi mlandu. Pali mankhwala ena, benzhexol, ochepetsa kuuma ndi kunjenjemera, ndipo dokotala angathe kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Mabanja ambiri sauzidwa zimenezi. Akaona mwana akuuma khosi amati mankhwala akumupha, n'kumusiyitsa.

Ena amasiya chifukwa akupeza bwino, poganiza kuti achira. Ena chifukwa auzidwa ku mapemphero kuti kumwa mapiritsi n'kukayika Mulungu. Koma ambiri amasiya pa zifukwa zimene sanazisankhe. Tsiku la jakisoni limafuna thiransipoti ya anthu awiri, kupita ndi kubwerera, kuphatikizapo geni ya tsiku lonse imene gadiyani wataya. Ndipo mungafike pawindo n'kumva mawu amene Mmalawi aliyense amawadziwa: mankhwala atha, mukagule ku famase. Mankhwala ambiri amachokera kunja, kotero kusowa kwa ndalama zakunja kumafika mpaka m'kabuku ka wodwala. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'mafamase inakwera limodzi ndi ya chimanga ndi makala.

Pakapita milungu ingapo, kusagona kuja kumabwerera. Anthu a pamdadada amangoti wayambiranso, ngati kuti ndi khalidwe lake. Sadziwa kuti chimene chayambiranso ndi kusowa kwa mapiritsi.

M'tauni mulibe kuseri

Kumudzi wodwala amakhala pakati pa mbumba. Lero amuyang'anira agogo, mawa mlongo wake, ndipo nyumba ndi zanu. M'tauni mbumba imabalalika. Banja limakhala m'zipinda ziwiri pampanda wa mabanja asanu, bafa ndi chimbudzi n'zogawana, khoma ndi lopyapyala. Wodwala akaimba usiku wonse, mpanda wonse sugona. Landilodi amayamba mwaulemu, kuti anzanu akudandaula, kenaka amapereka mwezi umodzi. Alipo mabanja amene achoka ku Kawale kupita ku Area 23, kuchoka kumeneko kupita kumalire a Chinsapo, osati chifukwa cholephera lendi koma chifukwa cha wodwala. Kusamuka kulikonse kumawatalikitsa ndi chipatala ndi anthu amene anali atayamba kuwamvetsa.

Mtolo wonsewu kawirikawiri umagwera munthu mmodzi, ndipo munthuyo amakhala wamkazi: mayi, mlongo, mkazi wake, nthawi zina mtsikana amene wasiyira sukulu panjira. Taganizirani mayi wa ku Mgona amene amadya za ganyu yosankha mtedza. Akakhala pakhomo kuyang'anira mwana, usiku agona ndi njala. Akapita ku ganyu, mwanayo angasowe, angamenyedwe ndi anthu omuyesa wakuba, angagundidwe ndi galimoto pamsewu wa ku Kanengo. Ndiye m'mamawa amabisa mpeni, machesi ndi mankhwala a makoswe, amasiya phala m'mbale ya pulasitiki ndi ndowa pakona, n'kukhoma chitseko ndi loko. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2020 linapeza kuti m'mayiko 60 odwala maganizo amamangidwa maunyolo kapena kutsekeredwa. N'kuphwanya ufulu wa munthu, ndipo kuyenera kutha. Koma amene akufuna kuti loko achoke pachitseko ayenera kuyankhanso funso la mayiyu: ndikapita kukasaka chakudya, atsale naye ndani?

Manyazi nawo ali ndi mtengo wake. Pakiyosiki ya madzi nkhani imaduka mayi uja akafika. Chibwenzi cha mlongo wa wodwala chimatha akuchimuna akamva kuti kumtunduko kuli misala. Mkazi akadwala atangobereka, amuna ena amaitana ankhoswe n'kumubweza kwawo kuti akayambe wachira, osadzamutenganso. Mabanja ena akatopa amatumiza wodwala kumudzi kwa agogo okalamba, kutali ndi kiliniki imene inkamudziwa. Ena amangoleka kumufunafuna akasowa kachisanu. Amene timawaona akutola zakudya m'mbali mwa msewu wa Malangalanga sanagwe kumwamba. Aliyense ali ndi kwawo, ndipo ambiri ali ndi m'bale amene anayesetsa mpaka mphamvu zinatha. Kwa akazi, moyo wa pamsewu umabwera ndi kugwiriridwa ndi mimba zopanda mwini.

Chodabwitsa n'chakuti malokeshoni athu amadziwa kuthandizana. Maliro akagwa, pasanathe maola awiri amfumu alengeza, mbale ya chipepeso yayamba kuzungulira, amayi afika ndi nkhuni ndi ufa, achinyamata aika masamba pamsewu. Koma matenda amene satha, amene sagoneka munthu pamphasa, alibe mwambo wake. Amayi a Mvano ndi a m'miphakati amayendera odwala, koma khomo la wodwala maganizo ambiri amalilambalala, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa sadziwa choti akanene. Kunena zoona, odwala ambiri sachita zachiwawa. Kawirikawiri iwo ndiwo amamenyedwa, kuberedwa ndi kugendedwa miyala ndi ana. Mu 2022 WHO inatinso odwala schizophrenia ali ndi chiopsezo chomwalira msanga chowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anthu ena, makamaka ndi matenda a m'thupi amene sanalabadiridwe.

Wosamalira naye amatha pang'onopang'ono. Sagona mokwanira, BP imakwera, ku banki m'khonde anamuchotsa chifukwa cholephera kubweza, kutchalitchi amapita mwa apo ndi apo. Ali ndi chisoni chimene sangachilire poyera, chifukwa mwana amene ankamuyembekezera kuti adzamusunga ali moyo, koma sali monga analili. Ndipo funso limene limamusowetsa tulo kuposa onse ndi lakuti: ine ndikadzafa, adzamusunga ndani?

Lamulo lasintha, pakhomo sipanasinthe

Kwa zaka zoposa 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la mu 1948, Mental Treatment Act, limene maso ake anali pa kutsekera wodwala kuposa kumuthandiza kukhala pakati pa anthu. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loika patsogolo ufulu wa odwala. Ndi sitepe yabwino. Maphunziro nawo apita patsogolo: yunivesite ya KUHeS imaphunzitsa madokotala a matenda a maganizo m'dziko momwe muno, ndipo koleji ya St John of God ku Mzuzu imatulutsa anamwino, makiliniko ofesala ndi aphungu. Odwala ndi owasamalira ali ndi bungwe lawo la MeHUCA, limene limawalankhulira.

Koma lamulo silibaya jakisoni. WHO imati maboma a padziko lonse amaika pafupifupi 2 peresenti yokha ya ndalama za zaumoyo ku matenda a maganizo, ndipo m'mayiko osauka zimachepera pamenepo, zambiri mwa izo n'kuthera m'zipatala zikuluzikulu. Mu 2008 bungweli linayambitsa ndondomeko ya mhGAP, yophunzitsa anamwino ndi makiliniko ofesala wamba kuzindikira ndi kuthandiza matendawa pa chipatala chaching'ono. Maganizo ake ndi osavuta: chithandizo chipite kumene kuli anthu. Ku Chiradzulu ndi ku Salima, kafukufuku wa PROMISE wakhala akuyesa kugwiritsa ntchito alangizi a zaumoyo a m'midzi kuti azizindikira odwala ndi kuwalondola kunyumba. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kumvetsera anthu olemedwa maganizo. Benchi yotere siichiza schizophrenia, koma ingapulumutse mayi amene akusamalira wodwalayo.

Chitsanzo chachikulu tili nacho kale, ndipo n'chathuchathu. Mu 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse, pa nthawi imene ambiri ankati dziko losauka silingakwanitse kumwetsa anthu mankhwala moyo wonse. Lero mankhwalawa amapezeka pafupifupi pa chipatala chaching'ono chilichonse. Amene akuyenda bwino amalandira a miyezi 6 nthawi imodzi. Wodumphitsa tsiku amaimbiridwa foni kapena kulondoledwa kunyumba, monga amachitira a bungwe la Lighthouse pa Martin Preuss Centre, mumpanda womwewo wa Bwaila. Odwala anzawo amene anazolowera mankhwala amalangiza ongoyamba kumene. Magulu othandizana anathetsa manyazi amene ankaoneka ngati sadzatha. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene sichingachitike kwa odwala maganizo.

Zimene zingayambe mawa

Banja limene lili m'vutoli lingachite zingapo ngakhale zinthu zisanasinthe. Lidziwe zizindikiro zoyamba za m'bale wawo, makamaka kusagona, n'kupita naye kuchipatala zisanafike pomangana. Lifotokozere dokotala zovuta za mankhwala m'malo momusiyitsa. Mapemphero apitirire, koma limodzi ndi mapiritsi. Wodwala akatekeseka, kukangana naye za mawu amene akumva sikuthandiza. Kulankhula motsitsa, munthu mmodzi pa nthawi, kumathandiza. Akanena zodzipha, asasiyidwe yekha ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Abale agawane ntchito momveka: uyu thiransipoti, uyu ufa, uyu kukhala naye Loweruka kuti mayi apume. Ndipo wodwala akakhala bwino apatsidwe chochita, kaya kutunga madzi, kaya kukhala pa okala, komanso afunsidwe maganizo ake pa za mankhwala ndi za moyo wake. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Nthawi zambiri iye ndiye amayamba kudziwa kuti zinthu zikusintha m'mutu mwake, kungoti palibe amamumvera.

Mipingo, mizikiti ndi mafumu a m'tauni ali ndi mbali yawo. Mbusa akanena paguwa kuti kumwa mankhwala si kuchepa chikhulupiriro, wapulumutsa anthu ambiri kuposa kampeni ya pa wailesi. Gulu la amayi likaika khomo la wodwala maganizo pa ndandanda wa makomo oyendera, mayi uja angapite kumsika osakhoma loko. Mfumu ikakhala pansi ndi landilodi, banja lingapulumuke kusamuka kwina.

Koma zikuluzikulu zili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, makhansala ndi aphungu a madera amenewa. Mankhwala a maganizo asamasowe, ndipo azipezeka mwezi uliwonse pa zipatala zazing'ono monga cha Kawale ndi cha Area 25, pamodzi ndi namwino wodziwa kuwapereka. Wodwala akadumphitsa tsiku la jakisoni, wina azimulondola sabata yomweyo. Pakhale nambala imene banja lingaimbe usiku n'kubwera anthu ophunzitsidwa, osati anyamata a chingwe. Mabanja amene wopezera chakudya wasiya ntchito kuti asamalire wodwala aganiziridwe pa ndondomeko monga Mtukula Pakhomo. Zonsezi n'zotsika mtengo kuposa kugoneka munthu yemweyo ku Zomba chaka ndi chaka. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse dziko limakumbukira za umoyo wa maganizo ndi maguba ndi malankhulidwe. Akuluakulu amene adzaime pa nsanja chaka chino adzafunsidwe funso limodzi: mwezi watha, ndi odwala angati mu Lilongwe amene anabwerera kunyumba opanda mankhwala, ndipo ndani anawatsatira?